Khungu Limene Anati Tilisunge

Mwana wathu woyamba anabadwa ine ndili kalaliki pa koleji ina ku Domasi. Ntchito yanga inali kutayipa makalata a anthu ena ndi kusunga makiyi a kabati ya mapepala. Ndinkavala tayi, ndipo madzulo ndikamatsika pa njinga kumudzi kwa akazi anga ku Malemia, ana ankandilonjera ngati munthu wamkulu. Koma ukulu wangawo unkathera mu msewu. Pamudzipo ndinali mkamwini. Nyumba ndinamanga pa dothi la eni ake, ndipo ana anga anali a mbumba ya alamu anga, achimwene awo a akazi anga. Zimenezi ndinkazidziwa ndisanakwatire, choncho sindikudandaula. Ndikungofuna mudziwe pamene ndinaima.

Mwanayo atabadwa, namwino anatiitanira pambali n'kutiuza kuti tipite naye ku Zomba akamuone adokotala. Tinapita atatha milungu itatu. Dokotalayo anali mzungu wachikulire wolankhula Chichewa chopindika, koma tinamvana. Anati chibowo chotulukira mkodzo sichinafike kunsonga monga zimakhalira ndi ana aamuna, chinatsalira kunsi. Anati si matenda, mwana adzakula bwinobwino, ndipo zimakonzeka ndi opaleshoni, koma tidikire afike zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu kuti madokotala adzapeze pogwira. Kenako anakweza chala n'kutipatsa lamulo limodzi: mwanayu asadulidwe. Khungu la kunsongalo ndi limene adzasokere njira yatsopano ya mkodzo, monga telala amasungira kansalu kotsala kuti adzagwiritse ntchito ngati chigamba. Analemba zonsezi m'Chingerezi pa khadi, mawu a khunguwo n'kuwadula mzere wofiira kunsi.

Titatsika basi n'kuyamba kuyenda wapansi, akazi anga anati nkhaniyi ithere pa ife awiri. Ankawadziwa anthu akwawo. Ankati mwana akabadwa ndi chilema, anthu safunsa kuti tichite chiyani, amafunsa kuti walakwa ndani. Ena adzati ndi magazi a kwathu, ena adzati iwo anayenda njira zosayenera ali oyembekezera. Ndinavomera msanga kwambiri. Ndakhala ndikuuza anthu kuti ndinavomera pofuna kuteteza akazi anga, koma ndakalamba tsopano, bodza landitopetsa. Ndinkachita manyazi ineyo. Mkamwini wovala tayi, mwana wake woyamba wamwamuna n'kukhala wotero, ndinkaona ngati mudzi wonse undiseka.

Kubisa chinthu pamudzi ndi ntchito yolemetsa kuposa kulima mpunga. Mwana sankasamba kumtsinje ndi anzake, mayi ake ankamusambitsa okha m'bafa. Anzake akamathamanga opanda kanthu m'chiuno, wathu ankakhala ali m'kabudula ngakhale dzuwa la Okutobala. Anthu ankati tikunyada, mwana wa a kalaliki saoneredwa, ndipo ine ndinkasangalala kuti akutinena za kunyada osati zinazo. Potaya madzi ankachita kunjuta, chifukwa akaimirira ankadzinyowetsa miyendo. Anaphunzira yekha kupita kutali kuseri kwa nthochi. Atayamba sukulu ankadzigwira kuyambira m'mawa mpaka poweruka, n'kufika kunyumba akuthamanga, nkhope ili gwa. Tsiku lina anandifunsa chifukwa chake iye sangaime ngati anzake. Ndinamuyankha kuti akadzakula zidzatheka, n'kumutuma kukatenga pampu ya njinga. Sitinamuuze kanthu, ngakhale za khadi lija.

Atakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu ndinapempha tchuthi n'kupita naye ku Zomba, ndipo kumeneko anatitumiza ku Blantyre. Mzungu wachikulire uja anali atabwerera kwawo kalekale. Ku Blantyreko tinapeza dokotala wachinyamata, Mmalawi mnzathu, amene anatembenuza khadi lathu lachikasu n'kufunsa kuti tinachedweranji chonchi. Ndinamulozera pamene panalembedwa zaka, n'kumuuza kuti kuchedwako tinachita kulamulidwa ndi anzake omwe. Iye sanakwiye. Anati n'zoona, kale ankatero, koma masiku ano odziwa ntchitoyi amakonda kuichita mwana adakali kumsana, asanadziwe n'komwe kuti ali ndi vuto. Ang'onoang'ono amapola msanga ndipo amaiwala, komanso nthawi zambiri amamaliza ndi opaleshoni imodzi m'malo mwa ziwiri kapena zitatu za kale. Ndinaganiza za zaka zonse za kuseri kwa nthochi, mtima unandiwawa kwambiri. Ndinamvera lamulo bwinobwino, lamulolo n'kusintha ine osauzidwa.

Komabe anatilimbitsa mtima. Anati chachikulu tachisunga, khungu lilipo lonse. Vuto linali lakuti dokotala wodziwa kusoka zoterezi ankabwera milungu yowerengeka pa chaka, ndipo ana omudikira anali ambiri. Anatilembera tsiku la mu Seputembala n'kunena kuti tisaliphonye. Zonsezi tinkakamba m'Chingerezi, mwana ali panja pa benchi akudya nthochi. Khadi ndinakalitsekera mu kabati ya ku ofesi, malo okhawo padziko amene makiyi ake anali anga.

Tinali titangokolola pamene alamu anabwera Lamulungu lina titachoka ku tchalitchi. Anakhala pakhonde n'kunena kuti chaka chino kuli jando, ndipo mwana wathu apita limodzi ndi asuweni ake. Jando ndi chinamwali cha anyamata kwa anthu a akazi anga. Anyamata amadulidwa tsiku loyamba, kenako amakhala kutchire milungu ingapo mu msasa wotchedwa ndagala mpaka atapola ndi kulangizidwa. Alamu anali munthu wa tchalitchi, woimba besi mu kwaya, koma kwa iwo zinthu ziwirizi sizinkalimbana. Kwathu kunali kosiyana. Agogo anga atachoka ku Mozambiki anasiya zonse za chinamwali pakhomo la mishoni, ndipo ine sindinavinidwe. Pamudzi aliyense ankadziwa. Pamaliro amuna ankandiseka kuti ndikakhale ndi ana, ine n'kumasekera limodzi nawo, mano okha.

Ndinati mwana adakali wamng'ono. Alamu anati asuweni ake ndi a msinkhu womwewo. Ndinati sukulu. Anati ndi nthawi ya holide, adzatuluka sukulu isanatsegulidwe kapena atangophonya masiku ochepa. Ndinati tchalitchi, iwo anangoseka.

"Alamu, inu munabereka, tikuthokoza," anatero. "Zotsalazi n'zathu."

Ndinayang'ana akazi anga. Anali pamphasa akusankha mpunga, maso ali m'lichero ngati mwagwera singano. Mawu ochepa chabe akanathetsa nkhani yonse pomwepo. Koma pambali pawo panakhala akazi awo a alamu, mayi amene nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, masana imakhala yafika ku chigayo. Ndinangonena kuti ndamva.

M'malo molankhula ndinachita nzeru za ukalaliki. Ndinalembera kalata mlongo wanga wa ku Ndirande kuti ndidzamusiyira mwana mpaka tsiku la kuchipatala. Ndinafufuza mochenjera kuti anyamata alowa liti, ndipo anandiuza kuti Lolemba. Ndinakonza zonyamuka Loweruka m'mamawa, kuti alamu akadzazindikira, ife tili kale pa Limbe. Ndinkati milandu tidzakamba pambuyo. Mwana ndinamuuza Lachinayi madzulo kuti akukwera basi kupita kwa azakhali ake kukaona nyumba zosanja. Ndinkayembekezera kuti alumpha ndi chimwemwe. Anangofunsa ngati adzabwerako asuweni ake asanapite ku jando, ine n'kuyankha kuti tiona.

Ndinaiwala chinthu chimodzi, kuti munthu wosavinidwa sauzidwa tsiku lenileni. Anyamata analowa Lachisanu.

Ndinali pakati potayipa kalata pamene ndinaona akazi anga pa windo la ofesi, opanda nsapato, duku lili m'manja. Anali asanabwerepo kuntchito kwanga chikwatiranireni. Anati gulu la anyamata a jando linadutsa m'mawa ndi ng'oma, iwo anamutsekera mwana m'nyumba n'kupita kukatunga madzi, ndipo pobwera anapeza windo lili pululu. Ana ena anamuona akuthamangira gululo. Tonse awiri tinkadziwa tanthauzo lake. Mwana wolowa yekha ku ndagala sabwezedwa, ngakhale akhale wa ndani.

Ndinatsegula kabati, kutenga khadi, kukwera njinga, akazi anga n'kuwasiya pomwepo. Ndinadutsa m'minda ya mpunga youma, matayala akudumpha pa zibuma. Kumapeto kwa mudzi amayi anali ataunjikana akuimba mokweza ndi kuomba m'manja, monga amachitira kuti kulira kwa ana kusamveke. Ndinawadutsa osapereka moni. Njira inatsikira kumtsinje, ndipo pamalo ena anali atamanga udzu pakati pa njira. Pamenepo panali malire. Panakhala amuna ambiri ndithu, achikulire ndi anyamata onyamula ndodo.

Atandiona anayamba kuseka. Wina anati a kalaliki adzibweretsa okha, alowe awathandizire limodzi ndi mwana wawo. Sikunali kuseka kokha. Mwamuna wosavinidwa akadumpha malire amenewo amagwidwa n'kuchitidwa zomwezo, kaya ali ndi ndevu kaya tayi. Ndimafuna ndikanalemba kuti ndinaponya njinga n'kudumpha udzuwo. Sindinadumphe. Ndinaima ngati mbuzi yafika pothera chingwe, mwana wanga ali kutsidya kwa mitengo imene ndinkaiona ndi maso. Ndinapempha kuti andiitanire alamu.

Anabwera ali thukuta, nsalu atamanga m'chiuno. Ndinawapatsa khadi. Analitembenuza uku ndi uku n'kundibwezera, amvekere Chingerezi n'changa, ndinene chimene ndabwerera. Ndinapempha kuti tipite pambali. Anati palibe nthawi, angaliba, amene amadula anyamatawo, ayamba kale ntchito, ndipo mwana ali pafupi pamzere. Amuna onse aja anali atasiya kuseka, akumvetsera.

Ndiye ndinanena. Chinthu chimene ndinachisenza zaka zisanu ndi zitatu ndinachitula pa njira, pamaso pa anthu omwe aja ndinkawaopa.

"Alamu, mwanayo anabadwa mosiyana. Potulukira madzi pali kunsi. Achipatala akufuna khungulo kuti amusokere njira. Akalidula, alibenso chomukonzera."

Alamu anandiyang'ana kanthawi kochepa kwambiri, koma maso amenewo sindinawaiwale. Kenako anatembenuka n'kuthamanga. Anali munthu wonenepa, woyenda modekha, ndipo ndinali ndisanawaonepo akuthamanga.

Ndinadikira nditagwira njinga. Palibe anandiseka, palibenso anandilankhula. Mkulu wina anasuntha pa chipika chimene anakhalapo kuti ndikhale, ine ndinakana. Nyimbo za amayi zinkamvekabe kumtunda, ndipo nthawi iliyonse zikakwera ndinkati ndi wanga ameneyo. Ndinapemphera mopanda dongosolo, mawu omwewo mobwerezabwereza.

Alamu atabwerera anati sanamukhudze. Patsogolo pake panatsala anyamata awiri okha. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, tayi ndi zonse. Kenako ndinadzuka n'kunena kuti andipatse mwana ndizipita naye. Iwo anapukusa mutu. Anati mwana waona za ku ndagala, sangatuluke mpaka tsiku lootcha msasa, pamodzi ndi anzake onse. Khungu lake palibe adzalikhudze, iwo alumbira, koma kutuluka ayi. Ndinafunsa kuti msasa adzaotcha liti. Anati Seputembala akamatha.

Pamenepo ndinapsa mtima zenizeni. Ndinakuwa, ndinawaonetsa tsiku lolembedwa pa khadi, ndinati ndikaitana apolisi. Onse ankadziwa kuti sindingatero, inenso ndinkadziwa. Mkulu wa pachipika uja anandifotokozera mofatsa kuti nkhaniyi sinali m'manja mwa alamu okha. Anthu ankakhulupirira kuti mnyamata mmodzi akatuluka nthawi isanakwane, mabala a otsalawo sachedwa kutukusira. Kholo lililonse la mwana amene anali m'katimo likanaima pa njira kunditsekereza. Alamu anadikira mpaka mawu atandithera.

"Munali ndi zaka zisanu ndi zitatu, alamu," anatero motsitsa. "Mukanandiuza ine ndekha, mwanayu ndikanamubisa ndi manja angawa."

Ndinakankha njinga kubwerera kumtunda.

Nkhani inafikadi ku chigayo dzuwa lisanalowe. Ena ananena zimene akazi anga ankaopa, koma anali ochepa, ndipo zinazizira msanga. Ambiri anangoti pepani. Mayi wina wa kutsidya anabwera kudzatiuza kuti mdzukulu wake ku Machinga anabadwa chimodzimodzi, n'kufunsa njira ya kuchipatala. Apongozi anga aakazi, amene mwamwambo sitinkayang'anana nkhope, anatuma mawu kudzera kwa akazi anga kuti chinawapweteka si chilema cha mdzukulu, koma kuti tinawayesa alendo. Kukoma mtima kumeneku kunandiwawa kuposa kunyozedwa. Tikananyozedwa kwambiri, bwenzi ndikunena kuti kubisa kuja kunali ndi chifukwa.

Milungu imeneyo inali yaitali. Akazi anga ankaphika chakudya cha mwana tsiku ndi tsiku, n'kukachisiya pa malire pamodzi ndi amayi anzawo. Mbale zikabwerako zopanda kanthu ankati ndiye kuti ali bwino. Ine ndinkapita ku ofesi, kutayipa, kubwerera. Kalendala ya pakhoma ndinaitembenuza kuti iyang'ane kukhoma, koma tsikulo ndinkaliwerengabe m'mutu. Kawiri ndinapita kwa akuluakulu a jando kukapempha kuti andibwereke mwana masiku ochepa okha, ndidzamubweza. Anandilandira mwaulemu, kundipatsa mpando, n'kundikaniza mwaulemu womwewo. M'nyumba ine ndi akazi anga tinkalankhulana za mchere ndi parafini basi. Aliyense ankadziwa mbali yake ya mlanduwo, ndipo palibe ankafuna kuyamba.

Tsikulo litafika ndinapita ndekha ku Blantyre. Sindikudziwa chimene ndinkayembekezera, mwina kuti akaona nkhope yanga asunga malo. Pa benchi panali amayi angapo ndi ana aamuna kumsana, ena oyamwa, onse akudikira dokotala yemweyo. Ndinawayang'ana anawo n'kuwachitira nsanje, kuti adzakula osakumbuka kanthu. Namwino anaitana dzina la mwana wanga kawiri, ine n'kuimirira ndekha ndi khadi m'manja, anthu onse akuyang'ana kumbuyo kwanga kuti mwanayo ali kuti. Dokotala wachinyamata uja anamvetsera nkhani yonse osandidzudzula. Anati n'zamwayi kuti khungu lapulumuka. Koma dokotala wosoka uja anali kunyamuka mwezi ukatha, ndipo za kubweranso kwake palibe ankadziwa. Anati dzina likhalabe m'buku, adzatilembera kalata.

Anyamata anatuluka ndagala itaotchedwa, mitu yometa, zovala zatsopano, maso pansi monga anawalangizira. Mudzi wonse unavina. Wanga anali ataonda, koma ankayenda mowongoka pakati pa anzake, ndipo ndinamva kuti m'katimo alamu anaopseza kuti aliyense womuseka adzaona chomwe chinameta nkhanga mpala. Madzulo ake alamu anandiuza chifukwa chimene mwanayo anathawira. Anamva kwa asuweni ake kuti ku jando amakonza anyamata kuti akhale amuna, ndiye anaganiza kuti ndi kumene amakonza zimene zinkamuvutazo, ndipo ife tikumuthawitsira ku Blantyre kuti asakonzedwe. Milungu yonseyo alamu ankagona pambali pake. Ndi iwo amene anamufotokozera za thupi lake, za khungu, za dokotala, zonse zimene ine ndinalephera kunena m'nyumba mwanga momwe.

M'mawa mwake tinatsala awiri pakhonde, ine ndikupopa njinga.

"Ababa, anzanga onse apola," anatero. "Ine ndiyamba liti?"

Ndinati posachedwa. Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu mwaulemu ngati mmene amachitira kwa mlendo, ndipo sanandifunsenso za nkhaniyi.

Posachedwa wangayo anatha zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Kalata inafikira ku ofesi, ndipo ulendo uno sindinabise. Ndinaiwerenga pakhonde mokweza, n'kuimasulira, akazi awo a alamu ali pomwepo. Ndinapempha tchuthi cha milungu iwiri. Ndinagula bulangeti latsopano ndi fulasiki, chifukwa anandiuza kuti wodikirira wodwala amagona pansi pambali pa bedi. Alamu anati atiperekeza, ndipo tinakwera basi atatu.

Ku wodi namwino anati wotsala ndi mwana akhale mmodzi yekha. Ine ndinali nditayamba kale kumasula chingwe cha bulangeti. Namwinoyo, mwina pongofuna kumusangalatsa mwana, anawerama n'kumufunsa kuti akufuna atsale naye ndani.

"Amalume," anatero, osazengereza.

Alamu anayamba kukana, akuti bambo ake ndi awa. Ndinawaletsa. Ndinawapatsa bulangeti ndi fulasiki, kuwalangiza pamene pali mpopi wa madzi, n'kumugwira mwana paphewa. Kenako ndinatsika kukadikira basi ya ku Zomba. Tchuthi chija ndinakachibweza m'mawa mwake, popeza kunyumba kunalibe choti ndichite. Zoti opaleshoni yayenda bwino ndinamvera pa lamya ya ku ofesi, alamu akukuwa ngati munthu amene sanagwirepo lamya, ine ndili chiimire pambali pa makina otayipira.